MLANDU SAGULA NDI CHIPANDA CHA MOWA

M'dziko la America, munthu akamazengedwa mlandu waukulu, amene amagamula ngati ndi wolakwa kapena ayi ndi gulu la anthu wamba, kawirikawiri 12, lomwe amalitcha jury. Woweruza amangotsogolera bwalo ndi kumasulira malamulo. Cholinga cha dongosolo limeneli nchabwino, pakuti munthu amaweruzidwa ndi anzake a m'dera. Koma ife tili ndi nkhawa ndi malonda amene amera pakhomo pa mabwalo amenewa.

Zidayamba mu 1972 mumzinda wa Harrisburg, kumene anthu 7, mmodzi mwa iwo wansembe wa Chikatolika, Bambo Philip Berrigan, ankaimbidwa mlandu wokonza chiwembu choba Henry Kissinger, mlangizi wa Pulezidenti Nixon. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Jay Schulman, pamodzi ndi anzake adadzipereka kufufuza maganizo a anthu a m'deralo, napeza kuti mpingo wa munthu unkasonyeza mbali imene angapendekere. Popeza lamulo limalola loya kukana ena mwa oitanidwa kukakhala pa jury popanda kupereka chifukwa, maloya a oimbidwa mlandu adagwiritsa ntchito nzeru imeneyi. Mapeto ake, anthu 10 mwa 12 adafuna kuwamasula pa mlandu wa chiwembuwo, ndipo boma silidauyambitsenso.

Luso limene lidayamba ngati chishango cha ofooka silidachedwe kugwa m'manja mwa eni chuma. Mu 1977, pa mlandu wina wa kampani ya IBM, katswiri Donald Vinson adalemba ganyu anthu ofanana ndi a pa jury, nawakhazika m'khoti kuti tsiku ndi tsiku aziuza maloya mmene umboni wawakhudzira. Mu 1994, pa mlandu wa O. J. Simpson, mayi Jo-Ellan Dimitrius adathandiza maloya ake posankha jury. Lero kuli makampani amene ntchito yawo ndi kuyeserera milandu isanalowe m'khoti, kusula mboni, ndi kusanthula mbiri ya aliyense woitanidwa.

Sitikunena kuti akatswiriwa amaphwanya lamulo. Nzoona kuti loya wokonzekera bwino amafotokoza mlandu momveka, ndipo kafukufuku akhoza kuvumbula tsankho limene likadapweteka munthu wosalakwa. Funso lathu ndi lakuti: ndani angathe kulipira? Mphawi amene akuimiridwa ndi loya wa boma wolemedwa ndi milandu yambirimbiri amalowa m'bwalo chimanjamanja, pamene mnzake wachuma wayamba kale wayeza mitima ya omuweruza.

Khoti lalikulu la dzikolo lidaletsa mu 1986, pa mlandu wa Batson, kukana munthu chifukwa cha khungu lake, ndipo mu 1994 lidaletsanso kumukana chifukwa ndi mwamuna kapena mkazi. Komabe loya wochenjera sasowa chifukwa china chophimbira. Dziko la England lidachita bwino mu 1988 pochotsa ufulu wa woimbidwa mlandu wokana munthu popanda chifukwa, ndipo chigawo cha Arizona chidauchotsa kwa mbali zonse ziwiri kuyambira mu 2022.

Ife tikuti njira yolungama ndi imeneyo. Wofuna kuchotsa munthu pa jury anene chifukwa chake poyera, woweruza achiyese. Makolo athu adanena kale kuti mlandu sagula ndi chipanda cha mowa. Tsono usagulidwenso ndi kafukufuku.