Likulu la kampani lisamangodya thukuta la nthambi

Likulu la kampani siligulitsa shuga, silipera chimanga, silikongoza munthu ndalama. Koma n'kumene kumakhala mabwana a malipiro onona ndi magalimoto apamwamba. Nanga ntchito yao n'chiyani?

Pa kampani ya mabizinesi osiyanasiyana monga Press Corporation, yomwe ili ndi masheya ku National Bank, TNM ndi Ethanol Company, likulu lili ndi ntchito zitatu basi: kusankha mamanijala a nthambi, kugawa ndalama, ndi kudziwa bizinesi yofunika kuigulitsa. Pa zonsezi yovuta ndi yogawa ndalama. Likulu limatenga phindu la nthambi imene ikuchita bwino n'kuganiza koliika. Likangotengeka ndi chisoni, phindu lonse limathera kudyetsa nthambi imene ikufa kale. Sitolo za PTC zinakhala zikuluza zaka zingapo mpaka Press inazigulitsa mu 2022. Funso n'lakuti, ndalama zochirikizira sitolozo zikanapindula zingati kwina?

Taonani ku America. General Electric inkapanga mababu, mainjini a ndege ndi makina a m'chipatala, komanso inali ndi nthambi yokongoza ndalama. Mavuto a zachuma a mu 2008 atabwera, nthambi ya ngongoleyo inatsala pang'ono kugwetsa kampani yonse. Pofika 2024 kampaniyo inagawika patatu. Paja akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ena adzati kuphatikiza mabizinesi kumateteza, kwina kukavuta kwina kumakoma. N'zoona ndithu. Berkshire Hathaway ili ndi inshuwalansi, sitima zapamtunda ndi magetsi, ndipo antchito ake ndi oposa 350,000. Koma ku likulu lake ku Omaha kuli anthu osakwana 30. Iwo salowerera za tsiku ndi tsiku, amangosankha anthu odziwa ntchito n'kuyang'anira ndalama.

Inu a geni amene muli ndi golosale, chigayo ndi minibasi, likulu ndinu nomwe. Bizinesi iliyonse ikhale ndi kope lakelake. Minibasi ikamadya ndalama za chigayo mwezi ndi mwezi, gulitsani msanga, osayembekezera kuti igwetse zonse.

Ndipo amene muli ndi masheya, pa msonkhano wa pachaka muzifunsa mosaopa: kodi likululi laononga ndalama zingati chaka chino, nanga laonjezera chiyani chimene nthambi sizikanapeza pazokha? Likalephera kuyankha, lichepetsedwe.