Mitengo ya mu Januwale ikufera mu Okutobala

Mu Okutobala 2023, a nthambi yoona zanyengo atachenjeza kuti kukubwera kutentha koopsa ndipo kuchigwa cha Shire kufika madigiri 44, ambiri kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje tidaumva ngati uthenga wa eni ake. Za ku Nsanje ndi ku Chikwawa izo, ife ndife a kumtunda. N'zoona, dera la Lilongwe ndi lokwera mamita opitirira 1,000 kuchokera panyanja yamchere, ndipo 44 sitimuona. Koma amene adagalauza m'munda masiku amenewo akudziwa kuti pofika 9 koloko dothi linali litayamba kale kuotcha kumapazi, nyenje zikungolira, munthu n'kuweruka mizere isanakwane. Akuluakulu adanena kale kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Bungwe la World Meteorological Organization lidalengeza kuti 2024 chidali chaka chotentha kuposa zaka zonse chiyambire kulemba za nyengo. Chaka chomwecho, pa 23 Malichi, Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Ng'ambayo tidaikamba m'maliro ndi m'matchalitchi momwe, poti idakhudza nkhokwe. Kutentha kwa chilimwe sitikukamba. Timangoti ndi nyengo yake, chizimalupsa chikagwa kuzizira.

Pitani pamsika wa Mitundu dzuwa lili paliwombo. Mayi wadzuka m'bandakucha, wathyola tomato kudimba, wayala milu yake pathumba pansi, mwana ali kumbuyo. Mthunzi wake ndi chitenje chimodzi chomangirira patimitengo tiwiri. Pofika 2 koloko tomato wafewa, repu wafota ngakhale amuwaze madzi kangati, ndipo mulu umene m'mawa amaukaniza mtengo akungoti tengani, ndiikapo ndi basela. Dzuwa lamudyera phindu lonse asanagule ndi mchere womwe. Pambali pake anyamata a kabaza angounjikana pakhonde la golosale, kulimbirana kamthunzi ka lata limodzi. Kusukulu nakonso teremu yoyamba imagwera m'miyezi yotenthayi; ana odzaza m'kalasi ya malata yopanda siling'i, pofika 11 koloko theka akuodzera, ena mutu ukuwawa, ndipo mphunzitsi akafuna kuwatulutsira panja amapeza mtengo wa mango umodzi wakhala kale ndi kalasi ina.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti mthunzi umenewu takhala tikuubzala chaka ndi chaka. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kulekeza pa 15 Epulo. Kumabwera alendo, gule amavinidwa, mfumu ndi mlendo wolemekezeka amagwada pa dzenje limodzi, mbande zimagawidwa. Mvula imazilera mpaka Epulo. Tikangokolola, mbuzi zimamasulidwa. Kenaka anyamata osaka mbewa ayatsa tchire. Kambande kamene kapulumuka zonsezi kamakumana ndi dzuwa la Okutobala popanda woti akathire ngakhale kapu ya madzi. Januwale akafika timakumbanso maenje pamalo omwewo, n'kuwerenga mitengo yobzalidwa. Yopulumuka sindidamvepo ikuwerengedwa pamsonkhano wa m'mudzi.

Nkhani ya mitengo ikayamba kuno, chala chimathamangira ku Dzalanyama ndi njinga za makala zimene zimalowera mumzinda usiku ndi usana. Nkhalango imeneyo ndi yofunikadi, poti ndiko kuchokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde. Koma mthunzi wa pamsika, wa pasukulu ndi wa pamjigo sadadule ndi a makala. Tidadula tokha, pofuna nkhuni zootchera njerwa, milimo ya zigafa za fodya, kapena poti masamba amadetsa pabwalo.

Ndikudziwa chimene amayi andiyankhe, ndipo ali ndi mfundo. Mu Okutobala zitsime za m'dambo zimaphwa, pamjigo pamakhala mzere wa zidebe kuyambira m'mamawa, alimi a nazale za fodya akupikisana ndi makheni m'mawa ndi madzulo. Madzi othirira mitengo achokera kuti, ndipo asenze ndani? Zikakhala kuti ntchitoyi igweranso pamutu pa mayi yemweyo, ndiye kulibwino tisayambe.

Koma pamjigo uliwonse pali ngalande imene madzi otayika amathera m'chithaphwi chomwe nkhumba zimagonamo. Mitengo iwiri kapena itatu kumapeto kwa ngalande imeneyo sifuna wosenza madzi. Pasukulu pali madzi osamba m'manja ndi otsukira mapoto a phala. Sukulu isalandire mbande 500 zoti zikafe; ilandire 30, kalasi iliyonse ikhale ndi yakeyake, yotchingidwa ndi minga kapena njerwa zosweka kuti mbuzi isafike, pansi pake poyalidwa mapesi kuti chinyezi chisathawe. M'minda namo muli zitsa zimene zimaphukira zokha chaka chilichonse ife n'kumazisadza pokonza munda. Mizu yake ili kale pansi penipeni, sizilira kheni. Kungosiyapo mphukira imodzi kapena ziwiri zowongoka, pakatha zaka zochepa pali pokhala pomwera thobwa. Ndipo amene amaopa kuti mtengo uphimba chimanga ayang'ane msangu: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, n'kuvala masamba m'chilimwe, nthawi yeniyeni imene munthu ndi ng'ombe akusowa pobisala.

Mitengo imatenga zaka, pomwe kutentha kuli kale pakhomo. Khonsolo ya boma la Lilongwe imatolera ndalama za ziphaso m'misika. Gawo lina la ndalama zimenezo lionekere pa mashedi ndi madzi akumwa pa Mitundu ndi pa Nathenje. Chenjezo la a zanyengo lisamathere pa wailesi ndi pa WhatsApp: alangizi a zaumoyo ndi mafumu alifikitse pakhomo, kuti agogo asasiyidwe okha m'nyumba ya malata yotseka mawindo, kuti khanda losakwana miyezi 6 liziyamwa pafupipafupi, kuti munthu amene wayamba chizungulire kapena kusokonekera mutu padzuwa aikidwe pamthunzi, athiridwe madzi, athamangire naye kuchipatala. Akuluakulu a sukulu apatsidwe mphamvu yoyamba maphunziro m'mamawa ndi kuweruka msanga sabata imene chenjezo latuluka.

Kwa inu mafumu athu, pempho langa ndi limodzi. Mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, itanani komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwanu, muyende nayo m'malo monse mudabzalidwa mitengo dzinja lapitali, muwerenge yamoyo. Chiwerengero chimenecho ndicho mukapereke kwa alangizi a zankhalango musanapemphe mbande zina.