Tiphunzitse Mbiri ya Makanjira ndi Zifukwa Zake

Mwana wa ku Makanjira amakula akumva dzina la Fort Maguire, koma nthawi zambiri amangouzidwa kuti mfumu ya kwawo inkagulitsa akapolo ndipo Harry Johnston anaigonjetsa. N'zoona kuti Captain Cecil Maguire, msilikali wa Johnston, anaphedwa mu Disembala 1891 akuwononga zombo za mfumu Makanjira, koma mwanayo ayenera kudziwanso chimene chinabweretsa zombozo panyanja. Amalonda a ku Kilwa ndi Zanzibar ankafuna minyanga ya njovu ndi anthu, n'kumapereka nsalu, mfuti ndi onga, moti mfumu yopanda mfuti inkagonjetsedwa ndi inzake. Njira yomweyo ndiyo inabweretsa Chisilamu ndi alembi a Chiswahili. Nayenso Johnston anamenya nkhondo ndi asilikali ochokera ku India, mothandizidwa ndi ndalama za Cecil Rhodes, ndipo msonkho wa nyumba unatsatira. Ena amati kuphunzitsa motere n'kukhululukira ukapolo. Ine ndikukana, pakuti misozi ya omangidwa m'magoli siifufutika, ndipo mlandu wa Makanjira ulipobe. Koma mwana amene wamvetsa mmene dyera ndi mantha zinasandutsira munthu katundu adzamuzindikira msanga wozembetsa anthu amene lero akulonjeza achinyamata a ku Mangochi ntchito ku Joni. Aphunzitsi athu asamangolowezetsa ana zaka, aziwafotokozeranso zifukwa.