Makilomita a m'Cigwa ndi Cipangano ca Galimoto

M'cigwa ca Luangwa ciri conse ciri kutali. Wamalonda wa ku Mfuwe amene afuna katundu wa m'sitolo yace ayenera kukwera kumtunda ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 120, kotero kuti kupita ndi kubwera kumakwana pafupi-fupi 250. Wocokera kwa Mfumu Malama kapena kwa Mfumu Msoro ali ndi mtunda wace wina asanafike ndi pa mseu wa tala pomwe. Munthu woyenda kawiri pa sabata pakati pa Mfuwe ndi Chipata amatsiriza caka atayenda makilomita ngati 26,000, osawerengera maulendo a ku cipatala, a ku maliro kapena a ku Lusaka. Cifukwa cace wa m'boma la Mambwe wotenga galimoto mwa cipangano colipira pang'ono-pang'ono ayenera kuopa mzere umodzi wa pa pepalalo, mzere wonena za malire a makilomita.

Zipangano zotere ziri za mitundu iwiri. Coyamba ndi cija cichedwa Hire Purchase, cimene m'dziko la Zambia ciri ndi lamulo lace-lace, Mutu 399 wa Malamulo a Dziko. M'cipangano cimeneci galimoto imakhala ya kampani kufikira wogulayo atalipira gawo lotsiriza, ndipo pamenepo imasanduka yace. Caciwiri ndi cobwereka kwa zaka zingapo, ndipo nthawiyo ikatha galimoto imabwerera kwa mwini wace. Malire a makilomita amapezeka kawiri-kawiri m'cipangano caciwirici, pakuti kampani imafuna kudzagulitsa galimotoyo pambuyo pace, ndipo galimoto yoyenda kwambiri imatsika mtengo.

Bvuto limabuka pamene munthu abweza galimoto nthawi isanakwane. M'cigwa muno zimenezi si zacilendo. Ndalama zambiri za ku Mfuwe zimadza ndi alendo oona nyama m'nkhalango ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa kukhala National Park m'caka ca 1972. Alendowo amacuruka m'cirimwe. Mvula ikayamba misasa yambiri ya m'thengo imatsekedwa, ndipo wonyamula anthu ndi katundu amasowa colipirira. M'caka ca 2020, pamene matenda a Covid-19 anaimitsa maulendo a ndege, cirimwe comwe cinapita popanda alendo. Munthu wanzeru akaona kuti nkhongole yamkulira amabweza galimoto asanamire. Koma atabweza, angalandire kalata yofuna ndalama zina za makilomita opitirira.

Kawerengedwe kace ndiko phata la mlandu. Mwacitsanzo, munthu apangana ndi kampani zaka zinai, makilomita 20,000 pa caka, ndiwo 80,000 onse pamodzi, ndi kuti kilomita iri yonse yopitirira idzalipidwa K2. Zitatha zaka ziwiri abweza galimoto, mita yowerenga mtunda ikuonetsa 52,000. Kampani iwerenga motere: zaka ziwiri zimalola 40,000 cabe, tsono opitirira ndi 12,000, mangawa ace K24,000. Wobwezayo awerenga mwina: pepala linachula 80,000, ndipo iye sanafikepo, tsono palibe cimene wapitirira. Onse awiri masamu ao ali bwino. Wolondola ndi amene mau a pa pepala ambvomereza. Ngati cipangano cinena poyera kuti pobweza msanga malirewo adzagawidwa monga mwa miyezi imene yapita, kampani iri ndi poyimira. Ngati sicinena, wobwezayo ali ndi cifukwa cokwanira cofunsira kuti ndalamazo zicokera pa mzere uti.

Mkangano womwewu ndi wodziwika ku Britain. Kumeneko lamulo la Consumer Credit Act la 1974, pa zigawo 99 ndi 100, limalola wogula mwa Hire Purchase kuthetsa cipangano ndi kubweza galimoto, ndipo mangawa ace amalekezera pa theka la mtengo wonse, malinga ngati anaisamala bwino. Ogula amati thekalo likalipidwa nkhani yatha. Makampani amati ndalama za makilomita ndi nkhongole imene inalipo kale cipangano cisanathe. Koma wa ku Mambwe asanyengedwe ndi zimene wamva kwa abale a kunja. Lamulo la ku Britain lisagwira nchito kwa Jumbe kapena ku Masumba. Kuno mlandu uweruzidwa ndi malamulo a Zambia pamodzi ndi pepala limene munthu anasainapo.

Tsono wolandira kalata yotere asathamangire kulipira, ndiponso asaiponye pansi pa mphasa. Ayankhe mwa kalata, napemphe kuti amsonyeze zinthu zitatu: mzere wa cipangano umene ulamula ndalamazo, nambala ya makilomita imene inalembedwa tsiku lotenga galimoto ndi tsiku lobweza, ndi kawerengedwe konse kufikira pa ndalama imene afunayo. Asunge cifanizo ca kalata yace. Kampani ikakana kumvana naye, njira ziripo. Bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, logwira nchito pansi pa Lamulo Nambala 24 la 2010, limalandira madandaulo a ogula, ndipo lamulolo limatsutsa mau a m'cipangano olemetsa wogula mopanda cilungamo. Ngati wopereka galimotoyo ndi banki kapena kampani yobwereketsa ndalama, woiyang'anira ndi Bank of Zambia. Pamwamba pa onsewo pali bwalo la milandu.

Komabe mlandu wotere umapambanidwa kapena kutayika pa masiku awiri okha, kalata isanabwere. Loyamba ndi tsiku losaina. Akulu anati safunsa anadya phula. Wa m'cigwa awerenge maulendo ace a pa caka moona mtima, ndipo akaona kuti malirewo anakonzedwera munthu wa m'tauni woyenda kucoka kunyumba kupita ku ofesi, apemphe kuti awakweze, ngakhale malipiro a pa mwezi akwerepo pang'ono. Afunsenso kuti alemberetu cimene cidzacitika akabweza msanga. Laciwiri ndi tsiku lobweza. Asapereke makiyi kwa mlonda wa pa cipata ndi kutembenuka. Ajambule cithunzi ca mita, aone kuti nambalayo yalembedwa pa pepala, ndi kuti wolandira galimotoyo wasainapo pamodzi ndi tsiku lace, mboni iri pomwepo.

Mtunda wa pakati pa Mfuwe ndi Chipata palibe angaufupikitse. Cimene munthu angathe kusintha ndi mau a pa pepala, ndipo nthawi yace ndi pamene colembera cikali m'manja.