Diwa m'kalasi si chamanyazi

Kumadera a Nsaru, Kabudula ndi Nambuma kudakali makolo amene amakwinya nkhope mwana akafika kunyumba nanena kuti aphunzitsi amutuma kadiwa, lichero lakale kapena ngala ya mapira. Ena amafika pokadandaula kwa ahedi kuti adatumiza mwana kukaphunzira Chingerezi, osati kukatola zinyalala za kuseri kwa nkhokwe. Mwanayo akawonjeza kuti amutumanso nthano kwa agogo ake yoti akailembe pamodzi ndi anzake, mkwiyo umachita kuwirikiza. Dandaulo limeneli ndi lolakwika, ndipo amene akupwetekedwa nalo ndi mwana yemweyo amene makolowo akuti akumuteteza.

Kodi kalasi lopanda zinthu zotere limaoneka bwanji? Mphunzitsi amalemba pabolodi, ana amakopera, kenaka onse amabwereza mawu mokweza ngati achule a m'dambo mvula itagwa. Chizolowezi chimenechi chidakula kwambiri kuyambira mu 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi amene adali asadapite kukoleji. Munthu woyang'ana ana oposa 100 pansi pa mtengo sangadzudzulidwe kwambiri pogwiritsa choko chokha. Cholakwika n'chakuti njira imene idali yongopulumukira pamavuto ena adayamba kuiyesa maphunziro enieni. Motero mwana amatha kudzaza kope lonse ndi zilembo zokongola, koma akafunsidwa zimene walembazo amangoti kukamwa yasa.

Tsono diwa likalowa m'kalasi zinthu zimasintha. Mnyamata uja amakhala kumbuyo, amene aphunzitsi adamutaya kale kuti ndi mbuli, ndiye amadzuka kufotokozera anzake momwe timitengo timagwirira mwala, pamene nyambo imamangidwa, ndi chifukwa chake mbewa ikangokhudza pang'ono mwala wolemera umagwa. Iyi ndi sayansi ya kulemera ndi kuchirikiza, ndipo mwanayo amaidziwa ndi manja ake asadaione m'buku. Akatha kufotokoza amayenera kulemba kapepala koika pambali pa diwalo: dzina lake, ntchito yake, mudzi umene lachokera. Apa mwana amalemba chifukwa pali munthu woti awerenge, ndipo akalakwitsa anzake amamukonza pomwepo. Chimodzimodzinso nzama, khobwe, mawere ndi chitowe zikayalidwa pamphasa: ana amaziwerenga, kuzisanja m'magulu ndi kuziyeza ndi chipanda, masamu n'kumalowa osamva kuwawa.

Ndipo asaganize wina kuti mphunzitsi wochita izi wapandukira boma. Bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi lakhala likulimbikitsa njira yotchedwa TALULAR, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zipangizo zopezeka pamalo pomwepo, ndipo silabasi imene idayamba kulowa m'sukulu za pulayimale mu 2007 imafuna kuti mwana azichita yekha zinthu m'kalasi. Akale adanena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sukulu yodikira zithunzi ndi zidole zochokera kunja idzadikira mpaka ana atakula.

Nkhani ya nthano ndiyo yomvetsa chisoni koposa, pakuti otsutsawo akukana chinthu chawo chomwe. Kwa Achewa nthano siidakhalepo ya munthu mmodzi. Wosimba akati "Padangokhala," omvera amayankha "Tili tonse," ndipo akaleka kuyankha nthano imaima. Nyimbo ikafika, onse amavomera. Mphunzitsi wanzeru amangotenga mwambo womwewu n'kuupatsa choko. Amayamba nthano ya Kalulu amene adakana kukumba chitsime, n'kuimira pamene wagwidwa. Kodi nyama zichite naye chiyani? Mtsikana wina apereka chiganizo, wina achilemba pabolodi, wina atsutsa kuti Njovu singayankhule motero pamaso pa Mkango. Pamabuka mkangano wokoma: kodi alembe kuti Kalulu adathawa, kapena adaliyatsa liwiro? Kodi pa mawu akuti m'chitsime kachizindikiro kaja kakhale pati? Pakutha pa sabata nthano ija yakopedwa pamapepala, yasokedwa ndi ulusi, chikuto chake n'cha katoni, ndipo kumbuyo kwalembedwa mayina a onse amene adaikapo mawu. M'nyumba zambiri za kumudzi limeneli lingakhale buku loyamba losakhala Baibulo kapena la nyimbo.

Otsutsa amathawira ku mayeso. Amati a MANEB safunsa za diwa pa mayeso a Sitandade 8. N'zoona, koma amafuna mwana wodziwa kumva zimene wawerenga ndi kulemba chimangirizo chomveka. Mwana amene sadayambe walumikizapo ziganizo zitatu zakezake m'chinenero cha amayi ake adzazilumikiza bwanji m'Chingerezi? Mmera mpoyamba. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adalemba buku la Nthondo m'Chinyanja, lidatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi kuti Azungu awerenge. Mbiri ya Achewa adailemba pofunsa akuluakulu a m'midzi, ntchito yomweyo imene mwana wa ku Nsaru amatumidwa kwa agogo ake. Ku Mua nako, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo alendo ochokera kutali amapita kukaona zinthu za mtundu womwewo umene kuno ukutchedwa zinyalala.

Komabe aphunzitsi ena nawonso ali ndi mlandu. Alipo amene amakongoletsa ngodya ya kalasi usiku okhaokha atamva kuti alangizi a zamaphunziro akubwera, n'kuwopseza ana kuti asayerekeze kugwira kanthu. Chimenecho ndi chikomekome cha mkuyu. Chionetsero chimene mwana sadatole, sadalembe ndiponso saloledwa kuchikhudza sichiphunzitsa munthu, chimangodyetsa chiswe. Ena amabwereka mtsuko wa gogo wina osaubweza, mwina n'kusweka, ndiye mudzi wonse umatseka zitseko chaka chamawa. Chobwereka chilembedwe m'kope ndipo chibwezedwe ndi ana omwewo, atagwada, ndi mawu othokoza.

Palinso malire amene mphunzitsi, makamaka wochokera kudera lina, ayenera kuwadziwa. Kuno ndi kwa eni Gule Wamkulu. Bungwe la UNESCO lidaulemekeza guleyu mu 2005, koma ulemu umenewo sudatsegule dambwe kuti aliyense alowe. Za kudambwe ndi za kutsimba si za pakhoma la kalasi, ndipo mwana asakakamizidwe kuulula zimene adalangizidwa kuti asunge. Mphunzitsi wofuna mtendere amayamba wakaonana ndi anyakwawa ndi anamkungwi, iwo n'kumuuza choyenera kuonetsa ndi choyenera kusiya. Akatero, akuluakulu omwewo amabwera okha pa tsiku la chionetsero, nakhala pamipando ya kutsogolo, nakonza ana pamene alakwitsa dzina la mbewu.

Nyengo yabwino ya ntchitoyi ndi yokolola, cha m'mwezi wa Meyi ndi Juni, mbewu zikadali pabwalo ndipo madzulo kuli moto wowotha. Nkhokwe zikuchepa m'midzi chifukwa ambiri akusunga chimanga m'matumba m'nyumba poopa akuba, ndipo mwana wa Sitandade 3 akhoza kukula osaonapo ikulukidwa. Amene akudziwa kuiluka ambiri ndi okalamba, ndipo ena mwa iwo amakhala kufupi ndithu ndi sukulu, koma palibe adawaitanapo.