Motoka ya magetsi yakale: funsani za batire musanafunse mtengo

Kuyambira mu January 2024 Boma linacotsa msonkho wa kasitomu pa mamotoka, mabasi ndi njinga zamoto zoyendera magetsi, monga momwe Nduna ya Zacuma, a Situmbeko Musokotwane, analengezera pa bajeti. Ife sitikutsutsa zimenezi. Petulo yatilanda zambiri, ndipo aliyense amene wanyamulapo nsomba zouma kapena masau kucoka ku Feira kupita ku Lusaka adziwa kuti theka la phindu limathera pa mseu. Ndiye sitidabwa kumva aphunzitsi opuma nchito, a makopaletivi ndi magulu osunga ndalama akuonetsana zithunzi pa foni za mamotoka a magetsi akale ocokera ku Japan, otsika mtengo ndi onyezimira ngati atsopano.

Abale, kunyezimira kumeneko kusatipusitse. Motoka ya petulo timaiyesa pomvera injini ndi poona utsi. Ya magetsi ilibe zonsezi. Moyo wake uli m'batire lalikulu logona pansi pa mipando, ndipo batire limakalamba mwakacetecete.

Titenge Nissan Leaf yoyamba, imene inatuluka mu 2010 ndipo ndiyo imapezeka kwambiri pa mitengo yotsikayo. Ili yatsopano, boma la America linaipima n'kupeza kuti imayenda makilomita 117 ikadzazidwa kamodzi. Kucoka pa Boma pano kufika pa mlatho wa Luangwa ndi makilomita pafupifupi 90, ndipo Lusaka ili kupyola 300, kudutsa zitunda za Manenekela zimene zimadya mphamvu. Imeneyo ndi motoka yatsopano. Nanga ya zaka khumi ndi kupyola? Ingakufikitseni ku cipatala ca Katondwe, koma za ulendo wa ku tauni iwalani.

Cimene cikutidetsa nkhawa koposa ndi kutentha kwa cigwa cathu. Batire la Leaf silizizilitsidwa ndi madzi, limangodikira mphepo. Mu 2012 eni mamotoka amenewa mu mzinda wotentha wa Phoenix ku America anadandaula kuti mabatire awo akutha mphamvu msanga, motoka isanakwanitse ngakhale zaka ziwiri. Ife tidziwa October wa kuno, pamene ngakhale nkhuku zimayasama pansi pa nkhokwe. Batire lomwe latopa kale ku Japan, dziko lozizira, silidzapeza mpumulo ku Feira.

Likatha, mtengo wake ndi wotani? Mu 2014 kampani ya Nissan inagulitsa batire latsopano la motoka imeneyi pa madola 5,499 ku America. Ku Japan, mu 2018, lokonzedwanso linali pa mayeni 300,000. Onjezani kulinyamula pa nyanja, cinthu colemera makilo pafupifupi 300, kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ndiyeno kulipira wodziwa kuliika. Kawirikawiri ndalamazo zimaposa mtengo wa motoka yakaleyo.

Tinene cilungamo: pali zimene motoka yotere siidzakuvutitsani nazo. Siifuna oilo ya injini, mapulagi kapena kilachi, ndipo mabuleki ake amakhalitsa. Nthawi zina ikakana kulira, vuto limangokhala kabatire kakang'ono ka mavoti 12, kofanana ndi ka motoka iliyonse. Koma cikaonongeka cipangizo colandirira magetsi m'kati mwake, makanika athu a pansi pa mtengo, amene angatsitse injini ya Canter ndi kuibwezera tsiku lomwelo, sangathandize. Pamafunika kompyuta, ndipo mawaya ake ofiirira amanyamula mavoti opyola 300, okwanira kupha munthu. Motoka idzakwera pa lole kupita ku Lusaka, pa ndalama zanu.

Za magetsi enieniwo sitinena zambiri. Tonse tikumbukira 2024, madzi atatsika ku Kariba, pamene madera ambiri anakhala mu mdima mpaka maola 21 pa tsiku. Motoka imeneyi imafuna usiku wathunthu pa soketi ya pa nyumba.

Tikupempha a Zambia Compulsory Standards Agency, amene amayang'anira kupima mamotoka akale olowa m'dziko, kuti pepala la motoka ya magetsi lizinena poyera mphamvu yotsala m'batire. Tikupemphanso a TEVETA kuti maphunziro okonza mamotoka amenewa afike kwa anyamata a m'maboma akutali ngati lathu. Kucotsa msonkho kokha kungatisandutse dzala la mabatire otha.

Kwa inu amene mwatsimikiza mtima kugula: pa deshibodi ya Leaf yakale pali miyeso iwiri yoyandikana. Waukulu umaonetsa kuti batire ladzaza motani lero, ndipo wogulitsa amakonda kuonetsa umenewo. Koma ndowa yaing'ono nayonso imadzaza. Yang'anani timizere tating'ono ta kumphepete, timene timakhala 12 motoka ili yatsopano. Pemphani cithunzi cake musanatumize ngwee imodzi, ndipo muwerenge nokha. Nissan yeniyo, pa lonjezo lake kwa ogula, inkavomera kukonza batire timizereto tikatsika pansi pa 9 m'zaka zisanu zoyamba. Kwa motoka ya zaka khumi, lonjezo limenelo linatha kale.