Kodi Chitenje N'cha Yani? Maganizo pa Luso la Yinka Shonibare

Pamene Yinka Shonibare anali pasukulu ya zaluso mumzinda wa London m'zaka za m'ma 1980, ankapanga zithunzi zokhudza kusintha kwa ndale kumene kunkachitika m'dziko la Soviet Union. Mphunzitsi wake wina anamufunsa chifukwa chimene sankapangira luso lenileni la ku Africa. Funsoli linamusautsa. Iye anabadwira ku London komweko m'chaka cha 1962, anapita ku Lagos ndi makolo ake ali ndi zaka zitatu, ndipo anabwerera ku Britain ali mnyamata. Nanga Uafirika weniweniwo akanakautapa kuti? Anapita kumsika wa Brixton kukagula nsalu zamaluwamaluwa zimene aliyense amati ndi za ku Africa, zonga izi ife kuno timati zitenje.

Atafufuza mbiri ya nsaluzo anapeza kuti kalembedwe kake kanachokera kwa anthu a pachilumba cha Java ku Indonesia. Adatchi, amene ankalamulira dzikolo, anayamba kuzipanga ndi makina m'zaka za m'ma 1800, ndipo msika waukulu anakaupeza kumadzulo kwa Africa. Mafakitale a ku Manchester nawo ankazipanga. Kampani ya Vlisco ya ku Helmond, m'dziko la Netherlands, inatchuka ndi malonda omwewa. Kuyambira pamenepo Shonibare nsaluyi sanaisiyenso.

Luso lake ndi lija pa Chingerezi amati installation, kutanthauza kuti mmisiri amayala zinthu zosiyanasiyana m'chipinda kapena pabwalo kuti woona azizungulire ndi kulingalira. Ine ntchito zake ndaziona pa zithunzi zokha, koma imene inandigwira mtima ndi Scramble for Africa ya m'chaka cha 2003. Zidole 14 zazikulu ngati anthu zakhala mozungulira tebulo lojambulidwa mapu a Africa. Zavala masuti a azungu a m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, koma masutiwo ndi osokedwa ndi chitenje. Manja ali m'mwamba, zikulozana, zikukangana, koma zonse zilibe mitu. Apa akutikumbutsa za msonkhano wa ku Berlin wa m'zaka za 1884 ndi 1885, kumene maiko a ku Ulaya anagwirizana za kagawanidwe ka Africa popanda mwini nthaka ndi mmodzi yemwe. Kunena kuti anthu aja analibe mitu ndi chipongwe chimene ngakhale agogo akumudzi angachimve popanda womasulira.

M'chaka cha 2010 anaika botolo lalikulu pabwalo la Trafalgar Square, m'kati mwake muli chifanizo cha sitima yankhondo ya Nelson yotchedwa HMS Victory, matanga ake ali a chitenje. Mu 2014 anakuta mabuku oposa 6,000 ndi nsalu yomweyi, ndipo pamisana ya ambiri mwa mabukuwo analembapo maina a anthu obwera amene athandiza kutukula Britain, pamodzi ndi maina a ena odana ndi obwerawo. Ntchitoyi anaitcha The British Library. Zonsezi wazichita ngakhale kuti ali ndi zaka 18 anadwala nthenda ya mumsana imene inapuwalitsa mbali imodzi ya thupi lake, kotero kuti iye amalingalira ndi kulangiza, omuthandiza n'kumasoka ndi kumanga.

Anthu ambiri olemba za Shonibare amakonda kunena kuti iye waulula chinyengo, kuti nsalu imene timainyadira ndi yobwereka. Ine ndikuona kuti kumeneko ndi kuimva theka nkhaniyi. Ife ophunzira za ziyankhulo timakumana ndi funso la mphunzitsi uja pafupifupi tsiku lililonse. Pali anzathu amene amafuna Chichewa chopanda litsiro, chopanda mawu obwereka. Koma mawu oti nsapato, kalata ndi mbatata tinawatenga ku Chipwitikizi. Buku, sukulu ndi tebulo ndi a Chingerezi. Tinawapinda, tinawapatsa magulu a maina, lero timati mabuku, matebulo, ndipo mwana wa ku Dedza sadziwa n'komwe kuti ndi alendo. Ngakhale chimanga chimene timaphikira nsima chinachokera ku America. Kodi alipo angaime pamaliro n'kunena kuti nsima si chakudya chathu? Chinthu chimakhala cha amene wachigwiritsa ntchito mpaka chazolowera m'manja mwake. Ndi mmene ndikumumvera Shonibare: sakunyoza chitenje, akunyoza munthu wofuna chiphaso cha kumene chinthu chinabadwira asanachivomereze.

Komabe pali pamene ndimasiyana naye. M'ntchito zake chitenje chimayankhula kwambiri kwa azungu, ndipo chimavalidwa ndi zidole zopanda nkhope. Chitenje chimene ine ndikuchidziwa chili ndi mwini wake. Mayi anga anandibereka nacho kumsana, amachipinda kukhala nkhata posenza mtsuko, amafunda kumaliro kukazizira mbandakucha. Pali cha mpingo, cha chipani, cha ukwati chimene akuchikazi ndi akuchimuna amasoketsa chofanana. Moyo wonsewu m'zipinda zoonetsera luso za ku London mulibe. Ndiponso mmisiri akagwiritsa ntchito nsalu imodzimodzi kwa zaka zoposa 30, pamakhala chiopsezo choti nsaluyo isanduke chizindikiro cha malonda ake, anthu n'kumaizindikira msanga koma osafunsanso kanthu. Ntchito zake zina, kunena zoona, zimandionekera ngati nthabwala yomwe ija yabwerezedwa.

Ena amamudzudzula chifukwa cholandira ulemu wa MBE m'chaka cha 2004 ndi wa CBE mu 2019, maulemu otchula ufumu wa atsamunda womwe iye amauseka, n'kuika zilembozo kumapeto kwa dzina lake. Pamenepa ndiye sindimupeza cholakwa, pakuti wachita ndi zilembozo zomwe amayi athu anachita ndi nsalu ya Adatchi: wazitenga n'kuzivala mwa njira yake.

Pa nsanja yomweyo ya ku Trafalgar Square pamene panali botolo lija, m'chaka cha 2022 panaikidwa chosema cha Samson Kambalu, mmisiri wobadwira kuno ku Malawi, chotchedwa Antelope. Chinkaonetsa John Chilembwe ataima pambali pa mmishonale John Chorley, monga mmene alili pa chithunzi cha m'chaka cha 1914. Chilembwe wavala suti ndi chipewa, zovala za azungu, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Mawu oti chipewa nawonso tinabwereka ku Chipwitikizi.